Zikomo kwa a sitolo ya zida zoimbira ku Limbe

Luchenza, Thyolo

Bwana Manijala,

Ndikulemberani Lamlungu madzulo nditangofika kuchokera ku tchalitchi, gitala ikadali m'chikwama chake pampando. Lero ndi tsiku loyamba lomwe ndaimba pamaso pa mpingo ndi pedal ya delay ija, kabokosi kopondera ndi phazi kobwereza mawu a gitala, imene ndinagula m'sitolo mwanu masabata awiri apitawa, ndipo mtima wakana kuti ndigone ndisanathokoze. Ine ndimaimba gitala ya lead mu praise team ya kwathu kuno. Loweruka lina anyamata a bandi amanditenga ku maukwati ndi ku zinkhoswe, uku ku Bvumbwe, uku ku Chitakale. M'kati mwa sabata ndimagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndiye mukudziwa nokha kuti ndalama ya chida chotere munthu amachita kuisonkha mwezi ndi mwezi, kudzimana zina.

Mundilole ndiyambe ndi zomwe ndinadutsamo ndisanafike pakhomo panu.

Delay yanga yoyamba ndinaiona pa Facebook. Mnyamata wake ankayankhula bwino pa foni, zithunzi zinali zokongola, mtengo wotsika moti ndinaona ngati mwayi wandigwera. Ndinatumiza ndalama, katundu anabwera pa basi, ndinakamutenga ku Limbe. Kunja inkaoneka yeniyeni, utoto ndi zilembo zonse. Patangotha masabata awiri inayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, mawu a gitala n'kumamira m'phokosomo. Mnzanga wina wokonza mawailesi ataitsegula anangopukusa mutu. Inali yachinyengo, m'kati munali kabolodi kakang'ono komatidwa ndi guluu. Nambala ya mnyamata uja sinagwirenso mpaka lero.

Kenako ndinati ndipite kusitolo yeniyeni, yokhala ndi chitseko ndi chikwangwani. Sinditchula dzina, eni ake akudzidziwa. Ndinapempha kuti ndiyeseko kaye ndisanagule. Yankho linali lakuti, "Mukatsegula bokosi ndiye kuti mwagula." Amene ankandiuzayo maso anali pa foni, anadzutsa mutu kamodzi kokha, kuyang'ana nsapato zanga zomwe zinali ndi dothi lofiira la ku Thyolo. Nditafunsa kusiyana kwa analog ndi digital anati zonse ndi delay, ndisankhe malinga ndi thumba langa. Pedal sindinagule tsikulo, koma ndinalola kugula adaputa yomwe ananditsimikizira kuti imagwira pa chilichonse, poti nthawi imeneyo ndinkabwereka delay ya mnzanga ndipo mabatire anali atandimaliza. Kufika kunyumba, kulumikiza, ndinangomva fungo la chinthu chopsa. Chida cha eni chinafera m'manja mwanga. Ndinapita nacho kwa wokonza wina m'tauni ndipo kumeneko chinakhala miyezi itatu. Bwerani Lachisanu, sipeya sinafike, abwana atuluka, yesani sabata ya mawa. Ulendo uliwonse ndi minibasi kuchoka pa Luchenza, kudutsa pa Boma, Bvumbwe, mpaka Limbe, kupita ndi kubwera, n'kufika kunyumba chimanjamanja. Mapeto ake ndinamulipira mnzangayo ndi ndalama za maukwati awiri, ndipo chibale chathu chinatenga nthawi kuti chibwerere mwakale.

Choncho tsiku lomwe ndinabwera kwa inu ndinabwera nditalimbitsa mtima. Kunali chiperoni, ndinanyamuka kukadali mdima, gitala nditaikulunga m'pepala la pulasitiki. M'minibasi monse ndinkakonza mawu oti ndikayankhe akandiuza za bokosi zija. Pakhomo ndinapeza anyamata awiri akukambirana za mpira, palibe anandipatsa moni, ndipo mumtima ndinati basi, n'zomwe zija.

Koma achemwali a pa kauntala ya kumapeto, kumene mumapachika magitala, anaimirira atangondiona. Inali nthawi ya nkhomaliro, kontena yawo ya chakudya inali yotsegula kale. Anaivundikira, n'kuikankhira pambali, n'kundikokera kampando. Sanandifunse kuti ndili ndi ndalama zingati. Anati, "Achimwene, mumaimbira kuti? Tchalitchi chanu ndi cha malata? Muli ndi woimba ng'oma kapena mumatsatira kiyibodi?" Ine chiyambire kugula zida palibe anandifunsapo zoterezi, moti ndinayamba ndachita chibwibwi. Nditayankha anatulutsa ma pedal atatu, MXR Carbon Copy ya analog, ndi awiri a digital, Boss DD-3T ndi Boss DD-8, anatsegula okha mabokosi, n'kundiuza kuti ndilumikize gitala yanga yomwe ndinabwera nayo, osati ya m'sitolo, kuti ndimve mawu amene ndikawamve kwathu.

Ine ndinachoka kunyumba maganizo ali pa analog. Ndinakulira m'nyimbo za reggae, ndipo khutu langa linazolowera mawu aja amabwerera akuzimirira pang'onopang'ono, amene akatswiri a dub ku Jamaica ankawapeza pa makina a tepi monga Roland Space Echo ya mu 1974. Carbon Copy itayamba kulira, thupi lonse linachita tsembwe. Achemwali aja anandifotokozera kuti m'kati mwa analog muli kachipangizo kotchedwa bucket brigade, kamene kamapatsirana mawu monga timachitira pa chitukuko cha tchalitchi, tikandanda pamzere kupatsirana ndowa za madzi. Ndowa ikamafika kwa womaliza, madzi ena atayikira panjira. N'chifukwa chake mawu akamabwerera kachiwiri, kachitatu, amanka nada, nafewa, mpaka kutha. Ya digital imajambula mawuwo n'kuwabweza oyera monga analowera.

Ndinali nditatsala pang'ono kunena kuti nditenga imeneyi pamene anandipempha kuti ndiimbe kolasi yomwe timayamba nayo nthawi ya kupembedza. Ndinaimba, iwo akugogoda chala pa kauntala, maso pa wotchi. Anatenga pepala n'kulemba 60,000. Anati nambala imeneyi ukaigawa ndi kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi, umapeza mamilisekondi amene delay iyenera kudikira kuti ikuyankhe pa kugunda kotsatira. Nyimbo ya 120 imafuna 500. Carbon Copy imalekeza pa 600, kutanthauza nyimbo ya 100, ndipo kolasi yathu ija inali pang'ono kufika 80. DD-3T imafika 800, ndiye imakwanitsa mpaka nyimbo ya 75. Nditayesa ndinamvadi kuti analog ija ikundiyankha msanga, ngati munthu wokudula mawu usanamalize kuyankhula. Anawonjezera kuti woimba ng'oma ndi munthu, nyimbo ikakoma amathamanga, ndipo sungawerame pakati pa mapemphero kumapotokola mabatani. Apa m'pamene tap tempo imagwira ntchito, umangoponda ndi phazi motsatira ng'oma, delay n'kulowa m'liwiro lomwelo. Carbon Copy yomwe inali pamenepo ilibe zimenezi.

DD-8 inali yodula kuposa DD-3T, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti akanatha kundikankhira imeneyo, chifukwa ndinaikonda. Ili ndi mitundu yambiri ya mawu, imadikira mpaka masekondi 10, imathanso kujambula zomwe waimba n'kumazibwereza iwe ukuimba zina pamwamba. Koma anandifunsa ngati zimenezo ndikazigwiritse ntchito Lamlungu kapena pa ukwati. Ndinati ayi. Anati, "Ndiye sungani ndalamayo, mugulire adaputa yabwino ndi chingwe." Choncho ndinasankha DD-3T. Anandiuzanso kuti DD-3 inatuluka mu 1986, ndipo iyi ya T ndi yomweyo, anangoiwonjezera tap tempo mu 2019. Chida chomwe oimba akhala akuchiponda zaka zonsezo osachitaya, anatero, sichingakachite manyazi ku Luchenza.

Tsopano, Bwana, ndifike pa chinthu chomwe chandilembetsa kalatayi. Tili m'kati mokambirana ndinatchulako za pedal ya mnzanga ija inapsa. Ndinangotchula modutsa. Iwo anasiya zonse n'kufunsa ngati adaputa yake ndikadali nayo. Inali m'thumba la chikwama cha gitala, pamodzi ndi zingwe, pomwe inakhala chaka chathunthu. Anaitenga, kuitembenuza, n'kundionetsa kachizindikiro kakang'ono kumbuyo kwake, kamene ine sindinakayang'anepo n'kamodzi komwe: kadontho pakati, kachizere kokhota mozungulira, mbali ina plus, mbali ina minus. Yanga inali ya 12V, plus pakati, ngati ya rauta ya intaneti. Ma pedal a Boss ndi ena ambiri amafuna 9V, minus pakati. Sanalekere pa kunena. Anatenga mita yoyezera magetsi, kulumikiza, n'kunditembenuzira kuti ndiwerenge ndekha manambalawo. Chaka chonse ndinkadziimba mlandu kuti mwina ndinalumikiza molakwika, mwina ndinaiponda mwamphamvu. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa chimene chinapha chida chija, ndipo m'khosi munandiuma.

Kenako anatsegula dirowa, kutulutsa tepi yofiira, n'kukulunga mutu wa adaputa yakale ija kangapo konse. Pa yatsopano anamata tepi yoyera n'kulembapo ndi cholembera chawo kuti "ya delay yokha". Anati pa ukwati kumada, zingwe zimasakanikirana, ana a bandi amathandiza kulumikiza mothamanga, ndipo mitu ya ma adaputa imafanana. Kachinthu kakang'ono, tepi yosakwana dzanja, koma munthu ameneyu anaganizira usiku womwe iye sadzakhalapo, mu holo yomwe sadzaiona. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sanathere pamenepo. Anamatanso katepi kena pamwamba pa pedal n'kuika timizere pomwe mabatani a E.LEVEL (wa kukwera kwa mawu obwerera) ndi F.BACK (wa kuchuluka kwa kubwereza) ayenera kuloza ndikakhala m'tchalitchi. Anati nyumba ya malata ndi makoma a simenti imabweza kale mawu payokha, ndiye kubwereza kuwiri kapena kutatu n'kokwanira, ndipo mawu obwerera akhale pansi pa mawu enieni a gitala, apo ayi mpingo umangomva chisokonezo. Mzere wina, wokwererapo, anati ndi wa panja, pa nyimbo zovina za sebene ku ukwati. Anandikumbutsa kuti polumikiza, overdrive, pedal yokalipitsa mawu a gitala, izikhala patsogolo, delay pambuyo pake, kenako amp yokuzira mawu, komanso kuti ndikagwiritsa batire ndizizula chingwe cha gitala ndikamaliza, chifukwa chikakhala cholowa batire imadyeka ngakhale pedal ili chete. Delay ya digital imadya batire msanga, ndiye batireyo ikhale yongodikirira tsiku lomwe magetsi athima.

Zonsezi zinatenga nthawi yopitirira ola. Chakudya chawo chinazizira pomwepo. Makasitomala ena analowa, anawapatsa moni, kuwathandiza, n'kubwereranso kwa ine osaonetsa nkhope yotopa. Za malisiti ndi mapepala zinayenda mofulumira, ndinangolipira, kusaina penapake, basi. Chomwe ndikukumbukira n'chakuti potuluka anaona kuti kunja kukuwazabe, anathamangira m'kati n'kubwera ndi jumbo ina yokutira bokosi.

Lero m'mawa tinayamba ndi kolasi ija. Ndinaponda kanayi motsatira ng'oma, ndinakhudza chingwe chimodzi, ndipo mawu anabwerera pamalo pake penipeni, ngati ukafuula m'munsi mwa phiri la Mulanje. Titafika pa nyimbo zotamanda, mnyamata wathu wa ng'oma anathamanga monga mwa nthawi zonse. Ndinapondanso, delay inamutsatira, palibe anazindikira kuti pachitika kanthu. Titaweruka, mayi wina wachikulire wa Mvano anandigwira dzanja n'kufunsa kuti mnzanga woimba gitala yachiwiri anabisala kuti. Ndinawaonetsa kabokosi koyera kaja pansi, ndi tepi yake, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Ndikupemphani, Bwana, kuti kalatayi muwawerengere achemwali amenewa pamaso pa anzawo, kuphatikizapo anyamata a pakhomo aja. Ikadzafika nthawi yoona za malipiro kapena kukweza anthu pa ntchito, mudzakumbukire kuti kasitomala wa ku Thyolo anabwerera kwawo ndi ndalama yotsala m'thumba, ndipo wauza kale oimba a mipingo itatu komwe angakagule zida. M'tauni momwemo muli masitolo ena amene bokosi amalilemekeza kuposa munthu, ndipo ife a kumudzi timauzana m'maminibasi kuti uku pita, uku usapite.

Kumapeto kwa mwezi ndibweranso ndi mnyamata wathu wa kiyibodi, akufuna sipika. Ndidzatenganso kabatani kapadera kopondera tap tempo kamene anandionetsa. Ngati malamulo a sitolo yanu amalola, ndidzanyamula nanazi ziwiri za ku Mulanje ndi paketi ya tiyi, zikhale za achemwali aja, m'malo mwa nkhomaliro yomwe inazizira chifukwa cha ine.

Ine wanu,
Woimba gitala wa ku Luchenza