Ma pengwini akusowa chodyetsa ana, nanga mbalame za kunyanja kwathu?

Akonzi,

Kwathu ndi ku Salima, koma ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ku Simon's Town, kufupi ndi Cape Town. Tsiku lopuma ndimatsikira ku gombe la Boulders kukaona ma pengwini, mbalame zosauluka zija zoyenda dzandidzandi. Alendo amazijambula n'kumaseka, koma ine zimandimvetsa chisoni.

Pengwini amaikira mazira awiri, ndipo bambo ndi mayi amasinthana: wina pachisa, wina kunyanja. Wochokera kunyanjayo amabzikulira ana nsomba. Tsiku lina ndinaimirira nthawi yaitali pa chisa chimodzi. Mwana wamkuluyo analowetsa mlomo wonse kukhosi kwa make n'kumeza zonse, wamng'ono akungolira pambali, akukankhidwa. Make sanaleretse. Nsomba zikachuluka onse awiri amakula, koma chaka cha njala wamng'onoyo ndiye amayamba kupita. Pamwamba pake pamakhala pakuzungulira mbalame zakuba, zoyera zamapiko akuda, kudikira kuti chisa chitsale chokha zitole dzira kapena mwana.

Chinanso, kamodzi pachaka pengwini amasosoka nthenga, ndipo kwa masabata pafupifupi atatu salowa m'madzi, sadya. Ngati ana anachedwa kukula chifukwa cha njala, nthawiyi imawapeza adakali pachisa, makolo n'kuwasiya. A bungwe losamalira mbalame za kunyanja la SANCCOB ndiwo amawatola n'kumawadyetsa pamanja.

Njalayi sinagwe kumwamba. Chakudya chawo ndi sadini ndi anchovy, tinsomba toyenda m'magulu ngati usipa. Sadini inasamukira chakum'mawa pomwe madzi asintha, ndipo yotsalayo zombo zikuluzikulu zimaikokolola. Chombo chikhoza kutsatira nsomba mpaka kutali, koma pengwini wa ana ayenera kubwerera pachisa msanga. Mpikisano wanji umenewo?

Mu October 2024 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mtundu wa pengwini wa kunowu m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa ndi SANCCOB anatengera boma kukhoti, ndipo mu March 2025 khoti lalikulu ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa kupha sadini ndi anchovy kwa zaka 10 mozungulira malo 6 oswerana, kuphatikizapo Robben Island, komwe anamangidwa a Mandela.

Anzanga kuno ankati zimenezi n'zachizungu. Ine ndinawauza kuti ku chilumba cha Mbenji kwathu ku Salima a Gogo Chalo Makanjira akhala akutseka nyanja chaka ndi chaka nyengo ya dzinja, popanda loya kapena khoti, ndipo asodzi amadikira.

Pempho langa, akonzi, tumizani mtolankhani ku chilumba cha Boadzulu ku Mangochi, komwe mbalame zodya nsomba zimaswerana mpaka miyala kuyera ndi zitosi. Akafunse asodzi achikulire ngati zisa zikuchuluka ngati kale, komanso ana angati amakula pa chisa chimodzi.

Wowerenga wanu,
Simon's Town