Dandaulo pa bokosi la zida zomangira galimoto ya rimoti yokwera miyala

Kwa Mkulu woona za makasitomala,

Bwana,

Ndikudandaula za bokosi la zida zomangira galimoto ya rimoti yokwera miyala, ya sikelo ya 1/10, lomwe ndinagula kukampani yanu. Potsatsa malonda munalemba kuti zonse zili m'bokosimo n'zogwirizana, wogula angopeza batire, rimoti ndi utoto basi. Sizili choncho. Zida zingapo sizikugwirizana ndi zinzake za m'bokosi lomwelo, ndipo yankho lomwe ndinalandira kwa wantchito wanu likuonetsa kuti nkhaniyi sinamveke. N'chifukwa chake ndikulemba mwatsatanetsatane, kuti kalatayi ifike kwa amisiri anu.

Ndiyambe ndi magiya a pamota. Spur, giya yaikulu ya pagiyabokosi, ndi ya 32 pitch. Pinion, giya yaing'ono ya pashafti ya mota, yomwe munaika m'kathumba ka mota ndi ya 48 pitch. Manambalawa amanena kukula kwa mano: pa 32 pitch dzino ndi lalikulu, pafupifupi module 0.8, pomwe pa 48 pitch ndi laling'ono, cha m'ma 0.53. Magiya awiriwa sangalumane ngakhale mota isunthidwe bwanji. Kuli ngati kutseka zipi yomwe mbali ina ili ndi mano akulu, ina mano ang'onoang'ono. Wantchito wanu anandiuza kuti ndimasule mabawuti awiri a mota, ndilowetse kapepala pakati pa magiya, ndikanikize mota, ndimange, kenako ndisolole kapepalako. Njira imeneyo ndi yoona ndithu, aliyense womanga magalimotowa amaidziwa, koma ntchito yake n'kukonza mpata pakati pa mano ofanana. Apa mano akungogundana kunsonga. Spur ikazungulitsidwa ndi chala imayenda pang'ono, n'kugwira, n'kudumpha. Choipa n'chakuti bowo la pinion yanuyo ndi la 3.175mm, lokwana bwinobwino pa shafti ya mota ya 540, ndiye palibe chochenjeza munthu wongoyamba kumene. Iye adzatsatira malangizo anuwo, adzalumikiza batire, pinion yachitsulo idzapala mano a spur ya pulasitiki batire isanathe n'komwe, ndipo inu mudzati wawononga yekha.

Vuto la m'maekiselo ndiye lobisika kwambiri, ndipo ndi lomwe landikwiyitsa. Maekiselo onse awiri anabwera omangamanga kuchokera kufakitale. Kabuku kanu ka malangizo kakuti wakutsogolo uli ndi overdrive, ring gear (giya yaikulu ya m'ekiselo) ya mano 27 pa pinion yake ya mano 8, ndipo wakumbuyo uli ndi 30 pa 8. Tikagawa, kutsogolo ndi 3.375, kumbuyo 3.75, kutanthauza kuti matayala akutsogolo azizungulira mofulumira ndi pafupifupi 11 peresenti. Omanga magalimotowa amafuna zimenezi dala. Kutsogolo kukamakoka, galimoto imakhota pamalo ochepa, ndipo pokwera mwala mphuno yake imakakamira pansi.

Kuyesa kwake n'kosavuta, amisiri anu angachite pa tebulo. Ikani galimoto pa kabokosi kuti matayala alendewere, matani katepi pa tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo, kenako zungulitsani spur ndi dzanja. Pa galimoto yangayi, lakumbuyo likamakwanitsa maulendo 10, lakutsogolo limakhala pa 9. Zatembenuka. Maekiselo enieniwo sindikadawasinthanitsa pomanga, poti wakutsogolo ndi wokhawo wokhala ndi ma knuckle okhotera. Magiya am'kati ndiwo anaikidwa mosemphana kufakitale.

Wina angati kusiyana kwa ulendo umodzi pa khumi n'kochepa. Pa crawler, galimoto yokwera miyala ngati iyi, sikochepa, chifukwa maekiselo onse ndi okhoma, ndipo pakati palibe diff (magiya olola mbali ziwiri kuzungulira pa liwiro losiyana) yomeza kusiyanako. Kumbuyo kukamathamanga kuposa kutsogolo, matayala akumbuyo amakankhira akutsogolo pamwala m'malo moti akutsogolowo akwere. Ma link (timitsulo togwirizira ekiselo ku chasisi) ndi ma driveshaft (mashafti opititsa mphamvu ku maekiselo) amapanikizika, galimoto imakana kukhota, ndipo pachitunda chotsetsereka kumbuyo kumalowa pansi, mphuno n'kudzuka, galimoto n'kugwa chagada.

Kusinthanitsa magiyawo si ntchito yaikulu kwa munthu wozolowera. Zondiletsa n'ziwiri, zonse zochokera kwa inu. Pa chivundikiro cha ekiselo iliyonse munamata sitika yoti ikang'ambidwa waranti yatha. Komanso kabawuti komanga driveshaft ku pinion ya ekiselo kanathiridwa threadlock (guluu wogwira mabawuti) yofiira, ikuchita kuonekera m'mphepete mwa bowo. Yofiira imafuna kutenthedwa mpaka cha m'ma 250°C kuti ilekeze, pomwe kabawutiko kali pafupi kwambiri ndi pulasitiki ya ekiselo komanso bering'i yotsekedwa ndi labala. Kukakamiza kozizira ndi kiyi wa 1.5mm, mutu wake umangobulungika. Pamalo ngati amenewa pamathiridwa ya buluu, yomwe imagwira mokwanira koma imamasuka ndi kiyi wamba.

Tsopano chiwongolero. Servo, kamota kokhotetsa matayala, ili ndi spline (nsonga ya shafti yake) ya mano 25, koma horn ya m'bokosi, kamkono kolowa pa nsongayo, ndi ya mano 23. Siilowa, ndipo woikhomerera amadula mano a mbali zonse ziwiri. Apa palibenso chofotokoza.

Nditamangapo horn ina ya mano 25 kuti ndiyese magetsi, vuto lina linatulukira. Servo yanu yalembedwa 25kg, koma mphamvu imeneyo ndi ya pa 7.4V. ESC (chipangizo choyendetsa liwiro la mota) yomwe munaiphatikiza nayo ili ndi BEC (gawo lopereka magetsi ku servo ndi receiver) ya 5V, 2A, malinga ndi zolembedwa pamsana pake. Galimoto yothamanga pamsewu wosalala ingapirire zimenezi, koma crawler imakhota itaima, matayala ofewa atapanikizika pakati pa miyala, ndipo nthawi imeneyo servo yamphamvu chonchi imakoka magetsi opitirira 2A. Gwirani matayala akutsogolo ndi dzanja n'kukhotetsa pa rimoti, muona kagetsi ka pa receiver, kachipangizo kolandira uthenga wa rimoti, kakuthima n'kuyakanso. Kwa kamphindi kameneko galimoto simva rimoti. ESC yomweyo ilibe drag brake, buleki yogwira yokha mota ikaima. Ili ndi ma jumper awiri okha, wina wosankhira mtundu wa batire, wina wa kutsogolo ndi kumbuyo. Popanda drag brake, chala chikangochoka pa trigger galimoto ili pachitunda, imabwerera yokha mpaka pansi. ESC yotere siyenera kulembedwa kuti ndi ya crawler.

Panhard, link yopingasa ya kutsogolo, ndi yaifupi ndi 6mm poyerekeza ndi muyeso wa m'kabuku, kuyeza kuchokera pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake. Popeza servo ili pa chasisi, kutsogolo kuli ma link atatu, ndipo panhard ndiyo imasunga ekiselo pakati. Yaifupiyi yakokera ekiselo mbali imodzi, moti tayala likukhula shock pokhota. Yasiyanso kuyenda mofanana ndi drag link (link yochokera ku servo yokhotetsa matayala), choncho ekiselo ikamakwera ndi kutsika matayala akukhota okha. Ndikudziwa kuti ena amangomasula ma rod end, timitu ta pulasitiki ta kumapeto kwa link, kuti link italike. Kuwonjezera 3mm mbali iliyonse pa chitsulo chanuchi kukusiya mazinga awiri kapena atatu okha m'pulasitiki, ndipo amenewo amazuka tayala likangogunda mwala.

Ma shock awiri mwa anayi akudontha. Kumapeto kwa mazinga a shafti kuli kachitsulo kakuthwa kosapalidwa, kamene kanadula ma O-ring polowa, ngakhale anali opakidwa oyilo monga kabuku kanenera. Oyilo wa 30wt akutsikira pa shafti galimoto isanayende n'komwe.

Sikuti zonse n'zoipa ayi. Zitsulo za chasisi n'zowongoka, mabowo ake akugwirizana, wheelbase (mtunda wa pakati pa maekiselo) ikutuluka 313mm monga munalonjezera, ndipo malimu a beadlock a 1.9 akugwira tayala mozungulira monse popanda kufinya. Amene anajambula galimotoyi amaidziwa ntchito. Zalakwika polongedza ndi pomanga maekiselo, ndipo pachifukwa chimenechi sindikufuna kubwezeredwa ndalama, ndikufuna galimoto yoyenda.

Zomwe ofesi yanu inanena, zoti katundu amabwezedwa pokhapokha ali wosatsegula m'timatumba take, sizingagwire ntchito pa zida zomangira. Pitch ya pinion, kutalika kwa panhard ndi magiya a m'ekiselo sizioneka kunja kwa katoni. Munthu amazidziwa atatsegula timatumba n'kuyamba kumanga. Lamulo limenelo likatsatidwa momwe lilili, ndiye kuti palibe vuto la kufakitale lomwe kampani yanu ingalivomere.

Ndikupempha munditumizire pinion ya 32 pitch ya bowo la 3.175mm, ya mano omwe kabuku kakunena, horn ya aluminiyamu ya mano 25, panhard ya muyeso woyenera, ndi mashafti awiri a shock pamodzi ndi ma O-ring ake. Pa ESC, nditumizireni yokhala ndi drag brake yosinthika komanso BEC yofika 7.4V, yosachepera 3A. BEC yapadera yolumikiza kubatire ingathetse vuto la servo lokha, koma la mabuleki lingatsale. Pa maekiselo, sankhani nokha: awiri atsopano oyesedwa kale, kapena kalata yondilola kung'amba sitika n'kusinthanitsa magiya waranti osatha. Mukasankha kalatayo, muikemo timabawuti ta driveshaft tiwiri ndi mabering'i a pinion, poti akalewo sapulumuka pa moto uja.

Ndaphatikiza lisiti, chithunzi cha nambala ya pakatoni, zithunzi za pinion ili pambali pa spur, cha panhard ili pa caliper, ndi kavidiyo kosonyeza matayala a tepi aja akuzungulira. Nambala ya pakatoniyo ikuthandizeni kutsegula mabokosi ena opangidwa nthawi imodzi ndi langali, chifukwa amene anasemphanitsa magiya sakadalakwitsa pa ekiselo imodzi yokha, ndipo ogula ambiri sangaganize zoyesa ndi tepi. Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14, lochokera kwa munthu amene waona zithunzizo.

Ine kasitomala wanu,
Womanga magalimoto a rimoti okwera miyala