Kwa ogulitsa mawailesi akale: TS-440S munatigulitsa ikutulutsa mawati 25, osati 100

Bambo, talemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa ku WhatsApp munasiya kuyankha. Mawu anu omaliza anali oti vuto ndi eriyo yathu, kapena magetsi athu, kapena wailesiyo inagwedezeka m'basi pobwera. Ndiye tiyeni tikambirane poyera, odziwa mawailesi aweruze okha.

Pa chithunzi munaika pano munalemba zinthu zitatu: kuti Kenwood TS-440S ija, wailesi yolankhulirana yomwe imamva ndi kutumiza, ndi yoyesedwa, kuti ikutulutsa mawati 100 pa mabandi onse (magawo a mafunde olankhulirapo), ndiponso kuti sinatsegulidwepo. Zitatu zonsezo si zoona. Kumva imamva bwino, pamenepo sititsutsa. Vuto lili potumiza. Ndipo tinene msanga kuti sitikuloza chala kampani yopanga. Wailesi za mtundu umenewu zinatuluka m'zaka za m'ma 1980, choncho kukalamba kwake sikungadabwitse munthu. Tikudandaula zimene manja a munthu anachita m'kati mwake, zimene inu simunatiuze polandira ndalama.

Tiyambe ndi magetsi, poti ndi pomwe munathawira. Wailesiyi imafuna mavoti 13.8, ndipo potumiza ndi mphamvu zonse imakoka ma amp pafupifupi 20. Sitinayezere pa power supply ayi, tinayezera kumbuyo kwa wailesi, pomwe pulagi imalowa, PTT (batani lotumizira) titadina. Ndi waya munatipatsa uja, mita inatsika kuchoka pa 13.8 kufika pa 12.9 pomwe wailesi imakoka ma amp 8 okha. Masamu ake ndi osavuta: mavoti 0.9 kugawa ndi ma amp 8, ndiye kuti wayayo ikudya pafupifupi 0.11 ohm, ndipo pa ma amp 20 ikanataya mavoti oposa 2. Titatsegula mokhala fyuzi tinapeza dzimbiri, ndipo fyuzi imodzi inali yakupsa kale koma yokulungidwa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Umenewo ndi moto woyembekezera tsiku lake. Tinaika waya wina wamfupi, wonenepa, ndi mafyuzi atsopano, magetsi n'kukhazikika pa 13.6 potumiza. Mphamvu yotuluka sinasinthe. Tinayesanso pa batire ya galimoto yodzaza bwino, zotsatira n'zomwezo. Nkhani ya magetsi ithere pamenepo.

Za eriyo, mukunena zoona pa mfundo imodzi: SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) ikakwera, wailesi imadziteteza pochepetsa mphamvu. Pa SWR ya 3:1 gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu limabwerera, ndipo wailesi yabwinobwino imayamba kubweza moto isanafike n'komwe pamenepo. N'chifukwa chake eriyo tinaichotseratu. Tinalumikiza dummy load (chida choyezera cholowa m'malo mwa eriyo) ya ma ohm 50, wattmeter (mita ya mawati) pakati, ndi kawaya ka coax kosakwana mita imodzi, tuner ya m'kati (yogwirizanitsa wailesi ndi eriyo) titaidumpha. Sitinayese pa SSB (njira yotumizira mawu), chifukwa kulankhula kapena kuimba mluzu mu mayiki kumangovinitsa singano, ndipo mita wamba imatha kuonetsa mawati 30 kapena 40 pa wailesi yomwe ilibe vuto lililonse. Ogula ambiri amanamizira ogulitsa pa chifukwa chimenechi, ife sitinafune kukulakwirani motero. Tinaika pa CW (funde lokhazikika lopanda mawu), n'kukweza CAR (chotembenuzira mphamvu ya fundelo) pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

Pa 3.5 MHz tinapeza mawati 32, pa 7 MHz mawati 30, pa 14 MHz mawati 25, pa 28 MHz mawati 12 basi. Pa 21 MHz mphamvu imabwera n'kupita: kanthawi mawati 18, kenako zii. Poopa kuti wattmeter ingatinamize, tinayezanso ndi oscilloscope (chida choonetsa funde) pa dummy load. Mawati 100 pa ma ohm 50 amapereka funde la mavoti 200 kuchokera nsonga ya pansi kufika nsonga ya pamwamba. Pa 14 MHz tinaona mavoti 100, omwe ndi mawati 25 ndendende. Zida ziwiri zosiyana zikunena chimodzi.

Singano ya ALC (dongosolo loletsa mphamvu kupitirira malire) sinasunthe ngakhale pang'ono. Chikanakhala chitetezo chikubweza mphamvu, singanoyo ikanakwera. Kusasuntha kwake kukusonyeza kuti wailesi yatsegula khomo lonse koma palibe chotuluka. Ndipo taonani kawerengedwe aka: mavoti 13.6 kuchulukitsa ndi ma amp 8 ndi mawati oposa 100 olowa, otuluka 25 okha. Zotsalazo zambiri zikusanduka kutentha. Fani imazungulira, koma chitsulo chozizitsa chakumbuyo chimatentha msanga kuposa m'mene mawati 25 angatenthetsere.

Apa m'pomwe tinatsegula, ndipo chivundikiro chenichenicho chinayamba kukutsutsani tisanaone za m'kati. Masikuluwu awiri palibe, ena mitu yake ndi yodyeka, ndipo imodzi ndi ya matabwa. Wailesi yosatsegulidwapo sikhala choncho.

Pa bolodi yomaliza pamakhala mathiranzisita awiri a 2SC2879 ogwira ntchito mokankhana, ina ikamakoka inzake ikukankha. Amenewa anasinthidwa, ndipo wosinthayo anali pa changu. Mtovu wowotcherera ndi wa zibuma, wotuwa, ndipo utomoni wake sanaupukute. Zilembo za pa mathiranzisitawo n'zosiyana kalembedwe, ndipo pa imodzi zinafufutika titangopukuta ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti. Kampani ya Toshiba inasiya kupanga 2SC2879, ndipo msika wa pa intaneti unadzaza ndi zachinyengo: kunja chikopa chofanana, m'kati kachidutswa ka silikoni kakang'ono kosapirira moto. Yeniyeni inapangidwa kuti ipereke mawati 100 pa 28 MHz pa mavoti 12.5. Zachinyengo zimayesetsako pa mabandi a m'munsi, koma mukamakwera zimafooka, monga momwe manambala athu akutsikira kuchoka pa 32 kufika pa 12.

Titazichotsa tinaziyeza payokhapayokha. Pakati pa base ndi emitter (miyendo iwiri ya thiranzisita) zonse zinaonetsa mavoti a pakati pa 0.6 ndi 0.7, ndiye woyeza ndi mita ya dayodi yokha akhoza kulumbira kuti n'zamoyo. Koma hFE (muyeso wa m'mene thiranzisita imakulitsira magetsi) ya imodzi inali 45, ya inzake 110. Mathiranzisita a pa malo amenewa amagulidwa awiriawiri, osankhidwa kuti afanane, chifukwa akasiyana imodzi imasenza katundu wa onse, n'kutentha, n'kupsa, kenako n'kutenga inzake. Pansi pa imodzi panalibe phala lija loyera lopititsa kutentha ku chitsulo, ndipo sikuluwu yake imatembenuka ndi zala. Rezisita imodzi ya ku base yada ngati khala. Ma driver a 2SC2509, omwe amapereka funde ku mathiranzisita omalizawo, ali bwino, ndipo mphamvu yochokera ku bolodi zam'mbuyo ikufika. Zimenezo tikuvomereza.

Chimene chinatidetsa nkhawa kwambiri ndi bias, magetsi oika mathiranzisita pokonzeka mawu asanafike. Mukaika wailesi pa SSB, MIC (chotembenuzira mphamvu ya mayiki) mutatsitsiratu, n'kudina PTT, mathiranzisita omalizawo amayenera kukoka magetsi ochepa okhazikika. Apa anayamba pa ma milliamp 300, koma pasanathe mphindi ziwiri anali atadutsa amp imodzi, akukwerabe, mpaka tinasiya PTT. Chifukwa chake chinali poonekera. Pali kadayodi komva kutentha komwe kamayenera kugunda pomwe pakutenthapo. Thiranzisita ikamatentha, mavoti ofunika kuitsegula amatsika ndi pafupifupi ma millivolt 2 pa digiri iliyonse, ndiye kadayodiko kamatsitsa bias kuti zinthu zifanane. Wokonza wanuyo anakasiya kali lende m'malere. Thiranzisita ikutentha, ikukoka magetsi ambiri, ikutenthanso kwambiri, popanda woiletsa. Munthu wongofika n'kuyamba kucheza pa 7 MHz kwa mphindi khumi akanaona utsi, ndipo inu mukananena kuti waiwotcha yekha.

Vuto la pa 21 MHz ndi lina. Lili pa bolodi ya masefa ochotsa mafunde osafunika, pomwe relay (siwichi yoyendera magetsi) iliyonse imasankha sefa ya bandi yake. Tikagogoda relay ya bandi imeneyo ndi cholembera cha pulasitiki, mphamvu imabwera, tikagogodanso imapita. Mano ake anapsa. Mu sefa ya kumtunda, ya 28 MHz, kapasita imodzi ndi yakuda ndiponso yong'aluka.

N'chifukwa chiyani sefa ya kumtundayo ndi yomwe yapsa? Yankho tinalipeza kuseri kwa nkhope ya wailesi. Dayodi D80 inadulidwa, komwe ndi kudula kodziwika kotsegula TS-440S kuti izitumiza paliponse, kunja kwa mabandi ovomerezeka. Kachitsulo kosinthira ALC nako kanapotokoledwa mpaka kumapeto. Aliyense wokonza mawailesi akaona ziwirizi pamodzi amadziwa nkhani yake: wailesi inkagwiritsidwa ntchito pa 27 MHz ngati CB (wailesi yolankhulirana ya anthu wamba), mwini wake akufuna singano izimenya kumapeto, mwina pa eriyo yosayezedwa n'komwe. Mathiranzisita enieni anapsa, munthu n'kuikamo otchipa kuti singano isunthe pang'ono, wailesi n'kupita pa msika. Sitikunena kuti munawotcherera ndinu. Mwina nanunso munaigula choncho. Koma mawu oti yoyesedwa munalemba ndinu, ndipo mukanaiyesadi pa dummy load kwa mphindi imodzi mukanaona zomwe taonazi.

Nkhani ya basi ija ndi nkhambakamwa chabe. Basi ikhoza kuthyola chotembenuzira, ikhoza kumasula pulagi, ikhoza kuswa galasi. Koma siwotcherera mathiranzisita, sidula dayodi, ndipo sikulunga fyuzi ndi pepala la fodya.

Pali chinanso chomwe sichikhudza ife tokha. Mathiranzisita awiri okankhana akafanana, amafafaniza okha mbali yaikulu ya harmonic yachiwiri (funde losafunika lotuluka pa MHz zowirikiza kawiri) sefa isanagwire n'komwe ntchito. Akasiyana monga awa, phokoso limenelo limakula. Tinayeza ndi spectrum analyser (chida choonetsa mafunde onse otuluka), attenuator yochepetsa mphamvu ili pakati: potumiza pa 7.1 MHz, panatulukanso funde pa 14.2 MHz lotsika ndi ma dB 35 okha poyerekeza ndi funde lenileni. Malamulo a ITU, bungwe loona za mafunde pa dziko lonse, pa wailesi za mtundu umenewu za mawati 100 amafuna ma dB 50. Ndiye kuti munthu akucheza pa bandi ya mamita 40 akusokonezanso anzake pa mamita 20 osadziwa. Ndipo dandaulo likafika ku MACRA, bungwe lopereka malaisensi a mawailesi ku Malawi, wofunsidwa si inu, ndi mwini laisensi amene call sign yake (dzina la pa wailesi, loyamba ndi 7Q ya Malawi) yamveka m'mlengalenga.

Tikupempha chimodzi mwa ziwiri. Choyamba, mutibwezere ndalama zonse, kuphatikizapo ya basi, mutenge wailesi yanu. Ngati simukufuna zimenezo, mulipire kukonza, ndipo kukonza kwake si kwa pansi pa mtengo. Pakufunika 2SC2879 ziwiri zenizeni zofanana, kapena zolowa m'malo mwake zochokera kwa wogulitsa wodziwika, osati za mtengo wa mandasi. Chitsulo chozizitsa chipukutidwe, phala lipakidwe mopyapyala, masikuluwu amangidwe kaye miyendo isanawotchereredwe, chifukwa mukayamba ndi kuwotcherera mumathyola thupi la thiranzisita pomanga. Rezisita za ku base zisinthidwe zonse ziwiri ngakhale yapsa ndi imodzi. Kadayodi ka bias kabwerere pa malo pake, ndipo bias iikidwe monga buku la okonza likunenera, mita ili pa waya, n'kuiyang'ana kwa mphindi zingapo ngati ikukhazikika. Relay isinthidwe, osati kungoipopera mankhwala, pakuti mano opsa sachira. Kapasita ya mu sefa ikhale ya mtundu wopirira mafunde a wailesi (RF) ndi mavoti okwera, osati iliyonse ya m'kabati. D80 ibwezeretsedwe. Pomaliza ALC itsitsidwe kuti wailesi iziima pa mawati 100, chitetezo cha SWR chiyesedwe, ndipo bandi iliyonse iyezedwenso mphamvu ndi harmonic yake. Wokonza tisankhe tonse, ndipo ziwalo zochotsedwazo mudzazione ndi maso anu.

Tikuonanso kuti pa tsamba lanu pali mawailesi ena atatu olembedwa mawu omwewo, yoyesedwa. Chithunzi cha wailesi yoyaka nyale ikulira phokoso la bandi sichisonyeza kanthu za kutumiza. Jambulani vidiyo yosaduladula: dummy load ioneke, wattmeter ioneke, mita ya ma amp ioneke, muike pa CW, mudine pa 3.5, 7, 14, 21 ndi 28 MHz, kenako mutsegule chivundikiro anthu aone bolodi yomaliza. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ngati mulibe dummy load, musalembe kuti yoyesedwa, lembani kuti imayaka, ndipo mtengo utsike moyenera.

Zithunzi za mathiranzisita, za fyuzi ija, za D80 ndi za mamita onse taziika m'munsimu, pamodzi ndi chithunzi cha zomwe munalemba potsatsa, poti tinachisunga. Wailesi ili m'katoni yake, ziwalo zomwe tinachotsa zili m'kathumba pambali pake. Tiyankheni pompano, Bambo, kuti mwasankha chiti mwa ziwirizo.