Geti ikalira sikuti munthu waba

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule, nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yonse. Loweruka lapitali ndinaperekeza amayi anga ku Tete, tinakwera chapa mmamawa kuno ku Ulongue, iwo atagulitsa mbatatesi zawo amafuna akagulire mdzukulu wawo nsapato za kusukulu. Tinalowa mu loja ina yaikulu, talipira bwinobwino risiti ili mmanja, potuluka basi geti ija amaika pakhomo poteteza katundu kwa akuba nkuyamba kulira. Guarda anawagwira pamkono nkukhuthulira chikwama chawo pansi anthu akuonerera, munthu wamkulu wa imvi zake. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ine ndimakonza mawailesi ndi mafoni nde zimenezi ndimazidziwa. Kapulasitiki koyera kaja amamata pa katundu mkati mwake muli timizere tachitsulo topyapyala, kena ndi kamaginito kakang'ono, kena ntchito yake nkunjenjemera. Mizati iwiri ya pakhomo ija imatulutsa mphamvu ya maginito yogunda ka 58,000 pa sekondi, kenako imadukiza pang'ono nkumvetsera. Zili ngati simbi ya kusukulu, ukaimenya nkusiya imapitirizabe kulira, ndipo kulira kotsalirako nkumene makina amamva. Ukalipira, wa pa kauntala amayenera kudutsitsa katunduyo pa kachipangizo kofufuta maginito aja kuti kachitsuloko kasayankhenso. Akachita mothamanga mzere utatalika, kapena kapulasitiki kakabisika mkati mwa nsapato poti mafakitale ena amaikiratu okha, kamatsala kamoyo. Ndi zomwe zinachitika kwa ife, atazibweza pa kauntala nkuzidutsitsanso geti inangoti zii. Ngakhale chikwama chomwe unagula kwina kale chitha kuliza geti ya loja ina.

Nde makinawa samadziwa wakuba, amangodziwa kachitsulo basi. Sindikukana kuti akuba alipo, nanenso pa benchi yanga anandiberapo mafoni a makasitomala ndinalipira ndekha, eni maloja ateteze katundu wawo ndithu. Koma mukagula geti yodula choncho phunzitsaninso anthu anu. Guarda ayambe wafunsa risiti mwaulemu, amutengere munthu pambali, katundu abwerere kaye pa kauntala asanagwire chikwama cha wina. Komanso pajatu madokotala amati amene anaikidwa kabatire kothandiza mtima asamaime kapena kutsamira pa mizati imeneyi, azingodutsa, pomwe amayi anga anawaimika pakatikati penipeni nthawi yonse ija, nanga akanakhala nako?

Palibe anapepesa, guarda anangoti pitani. Amayi anatolera okha mpango ndi mankhwala awo pansi, tinawoloka mlatho wa Samora Machel osayankhula, mpaka kupitirira Moatize ali chete. Titafika anangondiuza kuti mwanawe, ulendo wina nsapato tizikagula pa msika pompano.

Ine wowerenga wanu,
ku Ulongue, Angónia