Za nthambi ya pakhomo pa aneba ako

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako yafika, ndipo ndayamba ndaseka kaye ndisanadandaule. Kuno tili bwino, kupatula kutentha ndi mtengo wa shuga umene sindifuna n'kuutchula komwe. Azakhali ako akupereka moni. Akuti nsalu ija sanaione mpaka lero ndipo asiya kufunsa, kutanthauza kuti ayamba kuuza anthu.

Iwe, mwana wa mkulu wa mpingo, unaona nthambi ya masamba aawisi pakhomo pa aneba ako a Hmong, mtundu wa anthu ochokera ku Laos, kwanuko ku America, n'kuganiza kuti anyamata achipongwe aja akuwaopseza, mpaka unafuna kukaichotsa usiku kuti agogo asaione? Ukanaichotsa, wachipongwe woyamba kugwidwa mumsewu wonsewo ukanakhala iweyo. Nthambiyo amaika okha eni nyumba. Sing'anga wawo akachita mwambo wochiritsa, banja limatseka khomo kwa masiku angapo, ndipo masambawo, nthawi zina ndi timitengo topingasa, akuuza mlendo kuti asalowe ndiponso asagogode. Ulusi woyera umene amamanga pamkono ndi wa madalitso, usadzawapatse sizasi. Ndawauza mai busa, aseka mpaka misozi. Akuti ukabwera adzakupatsa udindo woyang'anira masamba pa Sabata la Kanjedza, poti maso ako pa masamba ndi akuthwa. Mkulu wa kwaya wamva kale, ndiye dziwa kuti dzina lako latsopano lafika kale ku Mvano.

Koma mazira a pa galimoto, mpiru wozulidwa m'dimba, ndi galimoto ija yomachepetsa liwiro kuti eni ake akuwe zoti agogo abwerere ku China, zimenezo sizoseketsa.

Otukwanawo sadziwa n'komwe amene akumutukwana. Agogowo sanabwere ku Wisconsin kudzasaka ntchito ngati ife. Kuyambira 1961 bungwe la akazitape la America la CIA linkalemba amuna a Hmong m'mapiri a ku Laos, ena ali anyamata osakhwima, kuti amenye nkhondo yachinsinsi kumbali ya America motsogozedwa ndi General Vang Pao. Achikomyunizimu atapambana mu 1975, ndege zinanyamula ochepa ku likulu lawo la Long Tieng, otsalawo anayenda wapansi mpaka kukawoloka mtsinje wa Mekong, ambiri n'kumira. Ku Thailand anakhala zaka m'misasa ngati wa Ban Vinai, ndipo gulu lalikulu lomaliza, anthu pafupifupi 15,000, linayamba kuchoka pa kachisi wa Wat Tham Krabok mu 2004. Lero aposa 300,000 ku America, ochuluka ali ku California, Minnesota ndi Wisconsin, ndipo ambiri ndi nzika. Koma unzika suletsa pakamwa pa munthu. Sunisa Lee, mtsikana wa Hmong wa ku St. Paul, anatenga golide ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, patangopita miyezi yochepa anthu a m'galimoto anamutukwana ndi kumupopera tsabola pamkono ku Los Angeles.

Mbiriyi ndakuuza chifukwa munthu amene anathawa asilikali usiku, yunifolomu ikaima pakhomo pake mtima sukhala m'malo, ngakhale itabwera kudzamuthandiza. Choncho usapite kupolisi eni nyumba asakudziwa, pokhapokha ngati munthu ali pangozi nthawi yomweyo. Pamenepo imba 911, nambala ya zadzidzidzi, basi, osafunsa wina. Zina zonse, dikira masamba achoke, ukagogode, ulankhule ndi mwana wawo wamwamuna kapena mpongozi. Uwauze zimene unaona ndi maso ako, uwapatse nambala yako, uwafunse kuti akufuna uzitani zikachitikanso. Akati adikire kaye akambirane ndi akuluakulu, usaone ngati akuzengereza. Ali ndi mafuko 18, ndipo dzina la bambo limene ukuliona pa bokosi la makalata, kaya Vang, Xiong, Yang, Lor kapena Moua, ndi la fuko, monga a Phiri ndi a Banda kwathu kuno. Nkhani zolemera zimadzera kwa akuluakulu a fuko. Mu mzinda wanu wa Wausau momwemo mulinso Hmong American Center, kumene kuli anthu olankhula chilankhulo chawo komanso odziwa maofesi.

Ntchito yako yeniyeni ndi umboni. Gula kope, lizikhala pafupi ndi zenera. Chikachitika chilichonse lemba tsiku lomwelo: deti, ola, malo, mtundu wa galimoto, nambala yake ngakhale utangogwira theka, ndi dzina la boma lolembedwa pa nambalayo. Mawu uwalembe m'Chingelezi monga anatulukira, zotukwana zomwe. Ndikudziwa dzanja lako la Mvano lidzanjenjemera, koma ukalemba kuti "anawanyoza" walemba zopanda ntchito. Zithunzi zikhale ziwiriziwiri: china chapatali choonetsa nambala ya nyumba, china chapafupi utaika kiyi kapena rula pambali kuti kukula kwa chinthucho kuoneke. Mazira uwajambule kenako atsukidwe msanga, chifukwa amadya penti ndipo kukazizira amaumirira pagalasi. Zolembalemba pakhoma zisapakidwe penti musanajambule. Kapepala koopseza akasunge mu emvulopu ya pepala, asamakagwiregwire pomaonetsa alendo. Bokosi la makalata likaphwanyidwa ndi mlandu wa boma lalikulu, ndipo U.S. Postal Inspection Service imalandira madandaulo otere.

Kamera ya pa belu la pakhomo imathandiza, koma ili ndi misampha yake. Mitundu ina sisunga vidiyo ngati simulipira pamwezi, imangoonetsa zimene zikuchitika nthawi yomweyo. Ina imafufuta yokha pakapita masiku, ndiye vidiyo uziitsitsira mufoni tsiku lomwelo. Ya batire imafooka m'chisanu cha kwanuko, bola yolumikiza ku magetsi. Pafupi ndi dimba aikepo getsi loyaka lokha munthu akadutsa. Wozula mpiru safuna kuwala.

Chifukwa chimene ndikukakamira mawu enieni ndi ichi. Ku America kutukwana kokha nthawi zambiri si mlandu, malamulo awo amateteza pakamwa kwambiri. Mlandu ndi kuopseza, kuwononga katundu, kutsatira munthu, kumumenya. Koma lamulo la Wisconsin limawonjezera chilango ngati wolakwayo anasankha munthu chifukwa cha mtundu wake, mpaka zaka 5 pa milandu ikuluikulu, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamulolo mu 1993 pa mlandu wa Wisconsin v. Mitchell. Umboni wa tsankho ndi mawu aja. Akapanda kulembedwa mu lipoti, mazirawo amangokhala masewera a ana. Ndiye banja likavomera kupita kupolisi, upite nawo ndi kope lako. Mupemphe kuti mawuwo alembedwe, mutenge nambala ya lipoti musanatuluke, ndipo mupemphe womasulira wamkulu. Mutchule kuti agogo amalankhula Hmong Daw kapena Mong Leng, chifukwa zimasiyana. Mdzukulu wa zaka khumi asamasulire. Mwana amafewetsa mawu pochita manyazi, kapena mumamukakamiza kubwereza pamaso pa agogo ake chitukwano chimene iwo sanachimve n'komwe.

Zikachitika iwe ulipo, wotukwanayo usamuyang'ane, chimene akufuna ndi woti akangane naye. Pita kwa agogo ngati munapangana kukumana, upereke moni wa "nyob zoo" (amatchula ngati nyo zhong, b wakumapetoyo amangosonyeza kamvekedwe), uime pambali pawo, uwalandire chikwama, muziyenda kulowera kumene kuli anthu. Ngati pali ena, usakuwe kuti wina athandize, aliyense amayang'ana mnzake. Loza mmodzi: bambo a jekete yofiira, imbani 911. Kujambula vidiyo pamsewu n'kololedwa, koma uime patali, ndipo vidiyoyo ndi ya banjalo. Usaike pa Facebook. Ikayenda, nyumba yawo imadziwika kwa achipongwe ena amene sankaidziwa. Ndipo ndikukudziwa iwe ndi mtima wako wapachala: osathamangitsa galimoto, osagwira munthu malaya. Ku Wisconsin anthu amayenda ndi mfuti mololedwa ndi lamulo, ndipo iweyo mapepala ako sangapirire kumangidwa, ngakhale mlandu utadzathera m'malere.

Usaganize kuti ndikuti ukhale chete. Ukukumbukira mabasi amene boma linatumiza ku South Africa mu 2015 kukatenga anthu athu atathamangitsidwa ku Durban. Alamu ako mpaka lero safuna kumva dzina la mzindawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo khungu lako nalonso mumsewumo likuonekera patali.

Ngati wovutitsayo akudziwika dzina ndi kumene amakhala, banja likhoza kupita kukhoti la dera lanu la Marathon County kukapempha chiletso. Woweruza akhoza kupereka chakanthawi, mlandu umamvedwa pasanathe masiku 14, ndipo chiletso chenichenicho chimafika zaka 4. Vuto limakhala pa adiresi: popanda pokamupatsira mapepala, nkhani imaima. Kope lako lidzagwira ntchito pamenepo, chifukwa woweruza amafuna kuona kuti zakhala zikuchitika mobwerezabwereza. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, alembere mwini nyumba kalata kapena imelo, osati kungomuuza pakamwa, ndipo asunge kope. Lamulo la Fair Housing Act la 1968 limaletsa tsankho pa nyumba, ndipo dandaulo ku HUD, unduna wa za nyumba, liyenera kufika chaka chisanathe. Akakana zonsezi, pali Stop AAPI Hate, bungwe lolimbana ndi tsankho kwa anthu ochokera ku Asia limene linayamba mu March 2020. Limalandira malipoti pa intaneti, si apolisi ndipo silimanga munthu, koma nkhaniyo imawerengedwa.

Chipongwe china chimabwera chitavala suti. Maliro a anthu a Hmong amatenga masiku atatu kapena anayi, ng'oma ndi chitoliro cha nsungwi zikulira usana ndi usiku, ndipo abale amachokera ku Minnesota ndi ku California komwe. Kunyumba magalimoto amadzaza msewu, kenako neba wina amaimbira khonsolo. Ife za maliro sitifunika kuphunzitsidwa. Uwauze aimike galimoto ziwiri pakhomo pako, ndipo woimba foniyo ukakumana naye umuuze kuti pali maliro, asananamizire kuti sankadziwa.

Wati mwana wawo amasaka agwape. Nyengo ya mfuti ndi masiku 9, kuyambira Loweruka lomaliza chikondwerero cha Thanksgiving chisanafike mu November, ndipo kumeneko kuli bala lakale. Mu 2004 mlenje wa Hmong, Chai Vang, anapha alenje azungu 6 ku Sawyer County, ku Wisconsin komweko, atakangana chifukwa analowa pamalo a eni. Mu January 2007 mlenje wina wa Hmong, Cha Vang, anaphedwa ndi mzungu m'nkhalango pafupi ndi Peshtigo. Mbali zonse sizinaiwale. Mnyamatayo amadziwa zambiri kuposa iwe ndi ine, usakamuphunzitse kusaka. Chako n'chakuti nyengo imeneyo uzidzutsa maso, mafoni akhale oyatsa, ndipo ukadziwe kuti kunyumba kwatsala amayi ndi ana okhaokha.

Yolemera ndasungira kuno. Ena mwa a Hmong anabadwira m'misasa, anafika ali makanda, sanatenge unzika, ndipo mlandu wakale unawasiyira chikalata chowachotsa m'dziko. Kwa zaka zambiri Laos sinkawalandira. Mu March 2025 mayi wa ana asanu wa ku Milwaukee, wobadwira ku Thailand, anamutumiza ku Laos, dziko limene anali asanapondemo. Usawafunse aneba ako za mapepala awo, si zako. Koma udziwe kusiyana kwa zikalata. A ICE, apolisi oona za olowa m'dziko, nthawi zambiri amabwera ndi fomu I-200 kapena I-205, yosainidwa ndi ofesala wawo yemwe. Maloya amalangiza kuti khomo lisatsegulidwe pokhapokha chikalata chili cha khoti, chosainidwa ndi woweruza, chokhala ndi dzina ndi adiresi yolondola, ndipo achionetse pazenera kapena achilowetse pansi pa chitseko. Akalowa mwa mphamvu, iwe ima pakhomo pako, jambula, lemba ola ndi nambala za galimoto, usatseke njira. Munthu akatengedwa, amamufufuza pa intaneti pa tsamba la ICE ndi nambala yake yoyamba ndi A pamodzi ndi dziko lobadwira. Apa ambiri amasokonezeka, amalemba Laos pamene munthuyo anabadwira mumsasa ku Thailand, ndiye dzina silituluka, banja n'kuyamba kulira kuti wasowa.

Magetsi athimanso, ndikulemba ndi tochi ya pafoni ndipo udzudzu wandipeza. Mbuzi za aneba athu zalowanso m'dimba, ndipo kuno kulibe khoti la masiku 14. Mdzukulu wa mai busa wabadwa, wamkazi, dzina sanatchule. Achimwene ako akuti ndikuuze kuti foni ija inafika yopanda chaja, ngati kuti ndine ndinaitumiza.

Mbale ya agogo ija usabweze yopanda kanthu, ndakudziwa. Ikamo mandasi, nsima sangaimvetse. Ndiye za ana pa basi ya sukulu, wati wamng'onoyo wasiya kukhala kumbuyo ndipo amatsika akulira. Makolo alembe imelo kwa mphunzitsi wamkulu, osati kuimba foni, atchule deti ndi nambala ya basi, apemphe kuti vidiyo ya m'basimo isungidwe isanafufutike, chifukwa mabasi ambiri ali ndi kamera. Sukulu ikangoti tiona, pali ofesi ya boma ya Office for Civil Rights, ndipo malire ake ndi masiku 180, koma asanafike kumeneko ayambe apita kwa

Batire yafiira ndipo pepala ndi lomweli. Zotsalazo ndilemba Lolemba. Moni kwa agogo.

Ine mnzako