Ndikufuna kusiya unamwino, koma malume anagulitsa ng'ombe chifukwa cha ine

Zikomo Agogo,

Ndikulemba kalatayi pafoni 1 koloko usiku itadutsa, nditafunda bulangete kumutu kuti kuwala kusadzutse mng'ono wanga. Mundikhululukire ngati nkhani zikhale zosalongosoka. Ndine mtsikana wa zaka 22, kwathu ndi kuno ku Kasungu, mbali ya ku Chamama. Mudzi sinditchula, angandizindikire. Ndili chaka chachiwiri pa koleji ina ya unamwino ndi uzamba, ndipo panopa ndimayenera kukhala kusukulu. Pakhomo ndinawauza kuti tapatsidwa tchuthi cha milungu iwiri. Si tchuthi ayi.

Agogo, ine unamwino sindinaufunepo. Ndikanena chonchi anthu amandiona ngati wosayamika, koma ndi zoona. Nditakhoza MSCE ndi mapointi 19 ndinafunsira malo ku LUANAR, ku Bunda, chifukwa mtima wanga unali pa zaulimi. Dzina silinatuluke, olimbirana malo anali ambiri. Ndinakhala chaka pakhomo. Chaka chimenecho mayi anandigawira ekala imodzi, ndinadzala soya wa Tikolore ndi mtedza wa CG7. Alangizi a m'dera lathu, mayi enaake oyenda pa njinga yamoto, anandiphunzitsa kudzala mizere iwiri pamzere umodzi komanso kusakaniza mbewu ya soya ndi inokyulanti, mankhwala othandiza soya kukula bwino, ndisanadzale. Anthu ankandiseka kuti ndikuthinanitsa mbewu. Pokolola anasiya kuseka, ena anabwera kudzafunsa. Ndinkadzuka tambala woyamba popanda wondidzutsa, ndinkalemba m'kope tsiku lililonse limene mvula yagwa. Sindinasangalalepo ngati chaka chimenecho.

Bambo anamwalira ndili Sitandade 7. Kuyambira pamenepo amene amatisunga ndi malume, alongo awo a mayi, eni mbumba. Amalima fodya wa bale, amagulitsa ku okushoni ya Chinkhoma. Ndiwo anabwera ndi mafomu a unamwino aja. Nditayesa kunena za ulimi anati, "Khasu silifuna satifiketi. Ine ndalima zaka zonsezi, ndinapita ku Bunda?" Ndinangowerama. Mwina ndinalakwa pomwepo, ndikanalimbikira. Koma mwana wamkazi wamasiye angatsutse bwanji amalume ake atakhala pampando, mayi ako ali pamphasa akukutsinzinira diso kuti khala chete? Komanso palibe amene anandifunsa. Anangondiuza.

Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza anakwera, fizi inakwera, chilichonse chinakwera. Malume anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri za pangolo kuti ndisasiye sukulu. Lero akafuna kututa fodya kumunda kupita ku chigafa amachita kubwereka ngolo kwa anzawo n'kulipira. Mwana wawo weniweni, msuweni wanga, analekeza Fomu 4 ndipo akupalasa kabaza pa Kasungu boma. Akazi awo a malume sandilola kuiwala zimenezi. Ndikapita kukawaona, amandiwerengera masupuni a shuga. Tsiku lina ndinatenga kachidutswa ka sopo wochapira, kakang'ono ngati chala, kuti ndichape yunifomu, iwo anafuula kwa mwana wawo wamng'ono kuti, "Bisa sopoyo, ng'ombe zinatha, tsopano ayamba sopo." Panali alendo pakhonde. Sopoyo ndinakabweza wathunthu, wa ndalama zanga za soya, sananene n'komwe kuti zikomo. Koma akafika kutchalitchi ndi iwo omwe amayamba kunena kuti "adokotala athu abwera", n'kumandibweretsera azimayi kuti ndiwayeze BP pomwe ndilibe ngakhale makina ake.

Koma nkhani si ya sopo. Nkhani ndi ya usiku wina kuwodi ya amayi oyembekezera, pachipatala china chimene anatitumiza kukaphunzira ntchito. Mayi wina, wamng'ono kwa ine, anachira bwinobwino, mwana analira. Kenako anayamba kutaya magazi. Azamba anachita zonse zimene tinaphunzitsidwa, kutikita chiberekero, jakisoni wa oxytocin, diripi, kuitana a kliniko. Ine ntchito yanga inali kumugwira dzanja ndi kumuyankhulitsa kuti asagone. Anandifunsa kuti mwana wake ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinamuuza kuti wamkazi. Anati, "Mukamuuze mayi anga panjapo." Kunja kusanache anali atapita. Amene anatuluka kukawauza mayi akewo sindine, koma kulira kwawo ndinakumva, ndipo mpaka lero ndimakumva.

M'mawa mwake ndinaimbira mayi anga ndikulira. Ndinkangofuna anene kuti pepa mwanangu. Iwo anati, "Anthu amafa tsiku ndi tsiku. Usatichititse manyazi." Basi, n'kudula foni.

Kuchokera tsiku limenelo manja anga amanjenjemera. Kanula, kasingano koikira diripi kaja, ndinkaika bwinobwino, tsopano ndimabaya kawiri katatu osaupeza mtsempha. Sisitala wina anandikalipira pamaso pa odwala ndi owadikirira kuti ngati ndinabwera kudzasewera ndibwerere kumudzi. Sindikuti analakwa kwenikweni, wodwalayo ankamva kuwawa chifukwa cha ine. Komabe akanandiitanira pambali. Fungo la kuwodi likangondifika m'mphuno, mtima umathamanga. Ndinayamba kujomba. Mayeso a maphunziro awiri sanayende bwino, ndikuyenera kulemba obwereza aja timati sapu. Palinso nkhani ya ndalama zina zimene malume ananditumizira pafoni kuti ndikalipire kusukulu, zimene sizinafike zonse. Sindifotokoza zambiri. Ndingoti sindinagulire zovala kapena kupatsa mwamuna, ngati mmene akazi awo a malume adzanenere akadzamva.

Anzanga a m'kalasi akuti ndipirire. Akuti chatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi, ndilembe mayeso a khonsolo ya anamwino ndi azamba, nditenge laisensi, kenako ndidzachite zimene ndikufuna ndi malipiro anga. Pamapepala zikumveka. Koma chaka chimenecho ndi cha kuwodi, Agogo, ndi chobereketsa amayi ndi manja anga omwewa. Nanga wina akadzafa chifukwa ine ndanjenjemera? Ndiponso ndikudziwa atsikana awiri a kwathu kuno amene anamaliza, laisensi ali nayo, koma akungogwira maganyu m'zipatala podikira kulembedwa ntchito. Ndisaname, ndikudziwanso mnyamata amene anamaliza zaulimi ndipo akugulitsa mankhwala a mbewu m'sitolo ya munthu. Ndiye sindinganene kuti uku kuli ntchito, uku kulibe.

Ndinafufuza za dipuloma ya zaulimi ku NRC, imene ili pansi pa LUANAR. Ndikapita kumeneko ndiye kuti ndikayambira chaka choyamba, zaka ziwiri za unamwino zija zapita m'madzi pamodzi ndi ng'ombe. Adzalipira ndani? Malume sindingawapemphenso. Ndinawerengera kuti mayi atandipatsa maekala awiri, nditalima soya ndi mtedza nyengo ziwiri, mwina ndingapeze poyambira. Koma mvula ya masiku ano mukuidziwa, ndipo mavenda akafika ndi masikelo awo nthawi yokolola mtengo amatchula ndi iwo. Nthawi zina ndimaganiza kuti kapena malume ananena zoona, ndingolima osafuna pepala. Koma ine ndikufuna kudziwa za nthaka, chifukwa chake munda umene unalimidwa fodya zaka zambiri umatopa, ndidzakhale ngati alangizi aja, ndiziyenda m'midzi anthu n'kumakolola zochuluka chifukwa cha zimene ndawauza. Kodi kumeneko si kuthandizanso anthu? Kapena ndikungodzinamiza pofuna kuthawa?

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi mawu a mayi anga aja. Ndabwera pakhomo pano masiku 9 apitawo, tikuphika limodzi, tikukatunga madzi ku mjigo limodzi, sanandifunsepo za mtsikana uja anamwalira. Aona kuti ndaonda, aona kuti nsima ndikungoitsina, koma akungoti, "Ubwerera liti?" Ndikudziwa kuti nawo ali ndi mantha. Malume akakwiya, feteleza wa chimanga chathu achokera kuti, mng'ono wanga wa Fomu 2 amulipirira ndani? Ndikumvetsa. Koma ndine mwana wawo. Manyazi amene akuopawo ndi aakulu kuposa ine?

Ndiye ndithandizeni, Agogo. Ndibwerere ndikalembe sapu ndi kupirira, ngakhale thupi langa likukana? Kodi mantha oterewa amatha, kapena ndi chizindikiro choti ntchitoyi si yanga? Alipo anamwino amene zinawachitikirapo n'kuchira, ndipo anapita kwa ndani? Ngati ndisiye, ndiyambe kuuza ndani, mayi kapena malume, kapena ndipemphe abusa kapena agogo aakazi akandiperekeze? Za ndalama zija ndiulule tsiku lomwelo, kapena ndiyambe ndabweza? Nanga ng'ombe ziwiri munthu amabweza bwanji, poti si ng'ombe zokha, ndi msuweni wanganso amene ali padzuwa ndi njinga?

Malume atumiza uthenga madzulo ano kuti Loweruka abwera ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo akufuna andiperekeze okha mpaka pa depoti. Chikwama changa chili pakona apo, sindinachimasule chibwerereni. Chonde ndiyankheni Loweruka lisanafike.

Ine mdzukulu wanu wosowa mtendere,
Kasungu