Usayambire pa masola, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti akuika m'komiti yoona mapulani a nyumba yatsopano yophunziriramo pakoleji panupo. Wati anzako onse maso ali pa masola, akufuna adzaze denga lonse. Masola ndi abwino, sindikukana, koma si poyambira.

Yamba wafunsa kuti nyumbayo iyang'ana kuti. Makoma aatali, a mawindo ambiri aja, ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Dzuwa la masana limakhala pamwamba, ndiye khonde limalitchinga mosavuta. Lovuta ndi la kumadzulo, lomwe limalowa chopendekera mpaka kukawomba pa desiki ya wophunzira. Mukaphonya apa mudzagula makina oziziritsira m'zipinda, ndipo magetsi a masola anuwo azidzathera momwemo. Mawindo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo chakudenga musiye potulukira mpweya wotentha, poti umakwera wokha. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Mick Pearce, anachita zotere pa nyumba ya Eastgate Centre ku Harare, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ataonera mmene chiswe chimamangira chulu. Konkire yake imazizira ndi mphepo ya usiku, masana n'kumayamwa kutentha.

Za madzi, werengera wekha. Mvula ya milimita 1 pa sikweya mita 1 ya denga ndi lita 1. Denga la masikweya mita 1,000, ikagwa mvula ya mamilimita 20, lakupatsani malita 20,000 otsukira zimbudzi ndi kuthirira mitengo. A Oberlin College ku Ohio, m'dziko la America, anapita patali: m'nyumba yawo ya Adam Joseph Lewis Center, ya mu 2000, madzi oipa amayeretsedwa ndi zomera ndi tizilombo tating'onoting'ono, n'kubwereranso kuzimbudzi.

Koma imva izi. Kumene ndinkagwira ntchito kuja anatiikira thanki ya madzi a mvula, tinaombera m'manja tsiku loitsegulira. Ntchito yokwera makwerero kukachotsa masamba m'ngalande za padenga sanaipereke kwa aliyense. Mvula itagwa kawiri katatu, ndinatsegula chivundikiro ndekha: madzi bii, masamba owola akuyandama, udzudzu n'kundibuukira kumaso. Thanki ija inangosanduka potsamira njinga. Masola nawonso akakutidwa ndi fumbi mphamvu imachepa. Ndiye pamsonkhano wanuwo, ngakhale akuone ngati wovuta, ufunse kuti adzapukuta ndani, sefa ikatsekeka adzasintha ndani, nanga ndalama yake yalembedwa pati. Oyeretsa ndi okonza zinthu pakolejipo muwaitane aone nawo mapulani, chifukwa nyumbayo idzatsala m'manja mwawo.

Simentinso musamwaze pomwe sikufunika. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni, wosokoneza nyengo uja, womwe anthu amatulutsa padziko lonse.

Mapulaniwo unditumizire, makamaka tsamba lokhala ndi kamuvi koloza kumpoto. Amayi ako akupereka moni, akuti uziimba foni.

Ndine,
Bambo ako